Chitenje Pansi pa Galu

Galuyo amayenera kufa mu Sepitembala. Dokotala wa ziweto wa m'tauni ya Bindura atasisita chotupa chimene chinali m'mimba mwake, anati sapyola masabata awiri, ndipo chifundo chenicheni n'kumubaya jekeseni wogoneka. A Kaitano anapukusa mutu. Anamuika galu wawo mu wilibala n'kumukankha ulendo wonse kubwerera kukomboni. Tsopano Okutobala anali pakati, dzuwa likuswa mtengo, koma Malayisha anali akupumabe.

Jestina amawerenga masikuwo. Amawerenganso masiku ena, a m'thupi mwake, amene sanauze munthu aliyense kupatula mwamuna wake Trymore. Anali ndi pakati pa miyezi itatu. Chaka chatha, atafika pa miyezi yomweyi, anapita padera.

A Kaitano anali apongozi ake, bambo ake a Trymore. Anachoka ku Dedza ndevu zisanamere, n'kutha zaka makumi atatu akufosholera miyala pansi pa mgodi wa kufupi ndi Bindura. Ntchito imeneyo ndi imene anatchulira galu wawo, chifukwa ali kamwana ankakumba ndi miyendo yonse ngati munthu amene kapitawo wamuimirira. Mgodiwo unatsekedwa kalekale, koma komboni inatsala, pamodzi ndi mulu wa dothi loyera umene mphepo imaululutsira m'mabwalo mwa anthu. Nkhalambayo imakhala m'kachipinda ka kuseri. Trymore amagwira ntchito kumgodi wina wa ku Jumbo, n'kumabwera kawiri pamwezi. Masiku ena onse pakhomopo pamakhala atatu: Jestina, apongozi ake, ndi galu.

Tsiku limene Jestina anafika pakhomopo, Trymore anamuuza malamulo ali kumasula zingwe za matilesi.

"Abambo ndi achikale. Sadzakuyang'ana kumaso. Usalowe m'chipinda mwawo, usawapatse chinthu m'manja. Chakudya uziika pampando wa pakhomo pawo, basi."

Jestina anavomera. Iye anakulira ku Chipadze, dera la m'tauni ya Bindura. Bambo ake, omwe makolo awo anachokeranso ku Malawi, anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo anamulera ndi mayi ake a Chishona. Chichewa amachimva chonse, koma chimamulemera pakamwa. Za ulemu wa apongozi amadziwa kuti ziliko, koma samayembekeza kuti pangathe chaka ndi miyezi inayi munthu wogona naye bwalo limodzi osamuuza ngakhale "mwadzuka bwanji". Akakumana panjira ya kumjigo, a Kaitano amapatukira m'maudzu n'kuyang'ana kumulu wa dothi mpaka iye atadutsa.

Koma ndi galu amalankhula tsiku lonse.

Malayisha atasiya kuyenda, a Kaitano anamukonzera pogona pafupi ndi zenera la khitchini: makatoni awiri pansi, thumba la ufa pamwamba. Katani ya pazenerapo inali ndi kabowo, ndipo Jestina amaonera pamenepo. M'mawa nkhalambayo imamupukuta thupi lonse ndi madzi ofunda a mchere, kuyambira m'maso mpaka kumchira. Amamupaka mafuta m'makutu kuti ntchentche zisamudye. Amamutembenuza kanayi patsiku, dzanja limodzi pansi pa khosi, lina pansi pa chiuno, ngati akunyamula dengu la mazira. Popeza galuyo anali atasiya kudya, amamuphikira miyendo ya nkhuku m'kachitini, msuziwo n'kumudonthezera m'mbali mwa kamwa ndi sirinji yopanda singano. Pakati pa ntchitoyo amaima n'kutsokomola, chifuwa chouma chotalika, akugwira khoma.

Tsiku lina Jestina anamva chisoni, n'kusiya kambale ka phala pafupi ndi makatoniwo. Atasuzumira pakabowo, anaona apongozi ake akulinunkhiza phalalo, kenako n'kukalitaya kumpanda, n'kulikwirira ndi phazi.

Zimene a Kaitano amauza galuyo poyamba zinali za ukalamba chabe.

"Malayisha, mchere watha."

"Malayisha, mphepo ya kumulu ikayamba, zovala zoyera sazisiya pachingwe."

Koma m'mawa wina Jestina akuchokera kumjigo, ndowa yodzaza ili pamutu, anamva mawu aja ali chowerama pa galu wawo.

"Malayisha, munthu amene wasenza kale katundu sasenza ndowa yodzaza. Theka likwana."

Madzi anamutayikira kumsana. Mimba inali isanaoneke. Ngakhale mayi ake anali asanawauze. Anakumbukira kuti galuyo asanagone pansi, anabwera tsiku lina iye akutsuka mbale, n'kumugunditsa mphuno pamimba, n'kukhala choncho nthawi yaitali, kenako n'kulunjika kuchipinda cha kuseri.

Masana a tsiku lomwelo anamvanso zina.

"Pakhomo pano wina akutuluka, wina akulowa. Upirire pang'ono, Malayisha. Usafulumire."

Nkhaniyi anaisunga masiku awiri. Lachitatu analephera. Pamsika wa ku Chipadze amagulitsa tomato ndi matemba patebulo limodzi ndi Marjory, mnzake wa kutchalitchi, amene amatsogolera kwaya. Marjory nayenso anali mdzukulu wa anthu a kumigodi, ndipo amakonda kunena kuti madala a m'komboni amawadziwa kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato.

"Kanayi patsiku?" anatero Marjory, akuunjika tomato anayi anayi. "Sisi, amayi anga enieni atadwala sitinkawatembenuza kanayi. Ameneyo ndi galu kapena ndi bwana?"

"Mwina amangomukonda."

"Galu amamukonda ndi fupa. Akakalamba amapita naye kutchire. Unaonapo kuti galu akupakidwa mafuta ngati mkwatibwi?" Anatsitsa mawu. "Dokotala anati masabata awiri. Apa patha angati?"

"Asanu."

"Sakudya?"

"Msuzi wokha."

"Ndiye akukhalira chiyani? Chinthu sichikhala ndi moyo wopanda podya, sisi. Chikudya penapake." Maso a Marjory anatsikira pamimba ya Jestina n'kubwerera. "Uli bwino iwe?"

Dzanja la Jestina linapita lokha pamimba.

"Maiwe! Tamvera. Chaka chatha, zija zinakuchitikira zija, galuyo anali bwanji?"

Jestina anayesa kuti asakumbukire, koma zinabwera zokha. Malayisha anadwala sabata yonse nthawi imeneyo, kusanza ndi kugona pansi pa mpanda. Iye atabwerako kuchipatala, mimba itachoka, anamupeza galuyo akuthamangitsa nkhuku za a Muriel oyandikana nawo.

"Hezvo, ndi zomwezo," anatero Marjory. "Wina akutuluka, wina akulowa. Akuuza okha ndi pakamwa pawo, iwe ukufunanso chiyani? Palibe chako chimene chasowa? Tsitsi? Chovala?"

"Palibe."

"Ukayang'ane bwino."

Atafika kunyumba anakhuthula sutikesi pabedi. Zonse zinalipo kupatula chimodzi: chitenje chabuluu chokhala ndi nkhanga zachikasu. Chimenecho ndi chimene anavala tsiku lija la chaka chatha. Atachichapa anachipinda n'kuchiika pansi penipeni, osafunanso kuchiona kapena kuchitaya.

Anapita pazenera, n'kudikira. Nthawi yotembenuza itakwana, a Kaitano anagwada, n'kulowetsa manja pansi pa galu. Thumba la ufa linasuntha. Pansi pake, pamene nthiti za galuyo zimatsamira, panaoneka kamutu ka nkhanga yachikasu.

Jestina anakhala pansi pomwepo, pasimenti, manja ali pamimba.

Anaimbira Trymore. Foni inagwira kachitatu, mawu akudukaduka, makina akulira kumbuyo kwake.

"Malayisha ali bwanji?" ndilo linali funso lake loyamba.

"Alipo."

"Nanga abambo? Akumwa mankhwala?"

"Trymore, bwera."

"Loweruka, mayi. Chavuta n'chiyani?"

Akanayamba bwanji? Munthu ungamuuze pafoni kuti bambo ako akudya ana ako? Nanga ngati akudziwa? Trymore anafunsa za galu asanafunse za iye. Jestina anati palibe, wangomusowa, ndipo foni inaduka yokha.

M'mawa mwake Marjory anali atakonza kale zonse. Mneneri Luckmore, amene amachita mapemphero a machiritso Lachisanu lililonse, anali atavomera kubwera mawa lake, nthawi ya 3 koloko masana, ndi anyamata ake awiri.

"Adzapemphera, adzatenga galuyo ndi chitenjecho, akaotche zonse kuseri kwa mulu. Madalawo adzaulula pamaso pa anthu. Akaulula, chingwe chaduka, mwana wako wapulumuka."

Jestina amadziwa chimene chimatsatira kuulula. Mayi wina wa m'komboni, wa mumzere wa nyumba wachisanu ndi chiwiri, anaulula chaka chapitacho. Miyala inagwa padenga lake masiku atatu, ndipo anathawira kumafamu a ku Matepatepa ndi kamtolo kamodzi. A Kaitano sakanatha kufika ngakhale pamsewu.

"Loweruka Trymore abwera," anatero.

"Loweruka? Ukhoza kufika Loweruka iwe? Chaka chatha zinakupatsa tsiku?"

Jestina anayang'ana matemba ake. Kenako anagwedeza mutu kuvomera.

Lachisanulo sanapite kumsika. Linali tsiku limene a Kaitano amapita kukiliniki kukatenga mankhwala a chifuwa, ndipo amabwerako dzuwa litapendeka. Cha m'ma 2 koloko Jestina anasuzumira pakabowo. Pabwalo panali zii. Mpando unali wopanda munthu, ndipo galu anali yekha.

Anatuluka. Anafuna kuchotsa chitenje chake anthu asanafike, kuti asachione chili pamenepo. Kuyambira pamene Malayisha anagona pansi, anali asanamuyandikirepo chonchi. Panali fungo la mchere ndi mafuta, ndi lina pansi pake, ngati la madzi okhalitsa. Nthiti zonse zimawerengeka. Diso limodzi linatseguka n'kumupeza. Linali diso lotuwa, lonyowa, ndipo silinachoke pa iye.

Anagwira nsonga ya chitenje n'kukoka. Galuyo anabuula, kubuula kwapansipansi ngati kwa munthu. Jestina anasiya, n'kudumphira m'mbuyo. Kenako mkwiyo unabwera pamwamba pa mantha. Anagwada, n'kulankhula m'Chichewa chake cholemeracho, poganiza kuti ndicho chilankhulo chimene chinthucho chimamva.

"Ndiwe ndani iwe? Ukufuna chiyani kwa ine? Nsalu yanga yafika bwanji apa? Wina uja unatenga, sanakukwane?"

M'kachipinda ka kuseri munamveka chifuwa.

Jestina anacheuka. Chitseko chinali chotsekuka pang'ono, mkati muli mdima. Chifuwacho chinatenga nthawi. Chitatha, mawu anatuluka, ofooka koma omveka.

"Malayisha, lero ndiye kwacha. ANambewe alankhula."

Nambewe linali dzina la mfunda wa bambo ake. Palibe anali atamuitanapo nalo chimwalirireni iwo.

"Malayisha, uwauze aNambewe kuti kukiliniki sindinapite, miyendo yakana. Uwauzenso kuti m'nyumba mwawo phazi langa silinapondemo. Ndinapempha masiku atatu, pompo pamene wagonapo, kuti makatoni akukudya nthiti, ngati pali kansanza kofewa andithandize. Sanayankhe. Mwana wanga ndiye anamva, Lamulungu lija anali kuno, n'kubwera ndi nsaluyo. Anati ili pansi pa sutikesi, eni ake anaitaya kale mumtima."

Jestina anayang'ana galuyo, n'kuyang'ana chitseko. Anawakumbukiradi mawu aja a makatoni ndi nthiti. Anawamva katatu ali pazenera, n'kumati nkhalamba ikubwebweta. Anakumbukira mchere. Anakumbukira zovala zake zoyera zimene zinafiira pachingwe. Chaka ndi miyezi inayi.

Anatsegula pakamwa kuti ayankhe chitsekocho, koma anazindikira kuti sakudziwa mmene angachitire. Anatembenukira kwa galu.

"Malayisha," anayamba. "Uwa... uwafunse abambo. Za ndowa zija. Anadziwa bwanji?"

Mkatimo munamveka kaphokoso kamene kakanakhala kuseka chifuwa chikanalola.

"Malayisha, uwauze kuti ndaona ana asanu ndi awiri akubwera. Munthu akasiya tiyi, akamalavula kuseri kwa bafa m'mawa uliwonse, akamaswa dothi la pachulu n'kubisa m'thumba la epuloni, sipafunika galu."

"Nanga akuti upirire. Upirire chiyani?"

"Upirire Loweruka. Ndani akukumbire? Ine fosholo inanditha kale."

Mayankhowo amabwera mosavuta, ndipo kusavutako kunamuopsa Jestina. Marjory ananena kuti anthu otere amakhala ndi yankho la chilichonse. Anafufuza funso limene lingawagwire.

"Malayisha, uwafunse. Phala langa lija anatayiranji?"

Ntchentche inatera pakhutu la galu, n'kuuluka itakhudza mafuta.

"Malayisha, uwauze zoona. Ndinkaopa."

"Kuopa ine?"

"Munthu amene umamupatsa moni m'mawa uliwonse, chaka chathunthu, iye osayankha ngakhale kamodzi. Amangoima kuseri kwa katani, diso pakabowo. Ndiye tsiku limodzi akutulukira ndi phala. Ndinati mwina akufuna pakhomo papepuke. Galu atsogole, nkhalamba itsatire. Ngakhale chakudya cha pampando ndimayamba ndaponyera nkhuku za kwa a Muriel."

Jestina anamva ngati amumenya mbama. Iye, amene amadzuka m'mawa kuwaphikira, kumuyesa wothira chiphe! Anafuna kukalipa, koma anakumbukira amene anali m'njira kubwera pakhomopo, ndi amene anawavomera.

"Uwauze chinanso, Malayisha, popeza khutu latseguka ndipo iwe ulibe masiku. Mthunzi wabwino uli kuseri, pamtengo wa mapeyala. Ndakuika pansi pa zenera lawo dala. M'komboni muno ndatseka maso a amuna khumi ndi mmodzi. Anzanga a pansi, chifuwa chitawamaliza. Kwawo kutali, mlongo palibe, mayi palibe. Manja awa anaphunzirira pa iwo, osati pa iwe. Tsopano changa chafika pamene chinafika chawo. Sindikuti aNambewe adzandigwire, mwambo sulola. Koma mwana wanga manja ake ndi a nyundo. Pafunika munthu woima pakhomo, womuuza kuti ayi, dzanja pansi pa khosi. Madzi osathira, kudontheza."

Chakumsewu kunamveka kombi ikuima, ndi chitseko chake chikukhuluzika. Kenako mawu a Marjory, akuyambitsa nyimbo.

Jestina anatembenukiranso kwa galu.

"Malayisha, uwauze abambo kuti kukubwera anthu. Mneneri. Ndawavomera ndine."

A Kaitano anafunsa ali m'chipindamo.

"Uwafunse, Malayisha. Akudzatenga iwe kapena ine?"

"Nonse."

Nyimbo imayandikira. Zitseko za nyumba zina zinayamba kutseguka. A Kaitano anatsokomola kamodzi.

"Chabwino. Koma nthawi yako yotembenuka yapitirira, ndipo ine sindingadzuke. Mbali imeneyo ikupweteka kale. Asanakutenge, wina akutembenuze."

Jestina anayang'ana manja ake. Akachigwira chinthucho, n'kukhala kuti Marjory akunena zoona, ndiye kuti wadzipereka yekha. Za chaka chatha zija palibe anazimasulira. Galu anadwala, iye anataya mwana, galu anachira. Zimenezo zinali chikhalire pamalo pake ngati mwala.

Malayisha anabuulanso. Mwendo wake wakumbuyo unanjenjemera pakatoni, ukufuna kusuntha, osatha.

Jestina analowetsa dzanja lamanja pansi pa khosi. Ubweya unali wofunda. Lamanzere analiika pansi pa chiuno, monga anaonera kambirimbiri pakabowo. Anayembekeza kulemera, koma galuyo anali wopepuka ngati nkhuku. Pansi pa chikhatho chake mtima wa galu umagunda mofulumira, waung'ono, wotopa.

"Pang'onopang'ono, Malayisha," anatero mawu a mkati. "Mutu usalendewere."

Ndi mmene anamupezera. Marjory anali patsogolo, kenako Mneneri Luckmore mu suti yotuwa, atanyamula botolo la mafuta, kenako anyamata awiri, mmodzi ali ndi chiguduli, wina chigubu cha petulo. Kumbuyo kwawo kunali amayi a mumzerewo, ena atabereka ana. Nyimbo inaduka pakati.

"Mwari wangu!" anafuula Marjory, kuitana Mulungu m'Chishona. "Sisi, siya! Chitaye pansi!"

Jestina anamaliza kumugoneka galuyo, n'kuwongola chitenje pansi pa nthiti zake. Kenako anaimirira n'kupita pageti, n'kugwira waya wotsekera.

"Pepani, abusa. Mwavutika ndi ulendo. Pakhomo pano pali matenda, lero sitilandira alendo."

"Matendawo ndi amene tabwerera, mwana wanga," anatero mneneriyo. Mawu ake anali ofatsa. Anayang'ana pamwamba pa phewa lake, kugalu, kuchitseko cha mdima. "Ukudziwa chimene unanyamula m'manja mwako?"

"Galu wokalamba."

"Ukutsimikiza?"

Jestina sanali wotsimikiza. Anamva kukoka pang'ono pansi pa mchombo, ndipo sanadziwe ngati ndi mwana, mantha, kapena chinthu china. Anagwiritsa waya.

"Nsalu yako ili pansi pake, Jestina!" anatero Marjory. "Aliyense akuiona!"

"Anaikapo ndi mwamuna wanga."

"Ndiye onse ndi amodzi! Dzulo unkalira patebulo langa, lero ukusisita? Akudyetsa chiyani usiku umodzi?"

"Mwini nyumba abwera mawa," anatero Jestina. "Wofuna kulowa adzalankhule ndi iye."

Mneneriyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatsegula botolo, n'kudontheza mafuta pamtengo wa geti.

"Ine sindithyola khomo la munthu," anatero, mokweza kuti amayi aja amve. "Koma magazi a mwana ameneyo asadzafunsidwe kwa ine."

Anatembenuka, anyamata ake n'kumutsatira. Amayi aja sanachoke msanga. Anaima kutsidya la njira, akuyang'ana mimba ya Jestina imene tsopano aliyense amaidziwa. Marjory anachoka pomaliza, osatsazika.

Malayisha sanafike Loweruka. Anapita madzulo omwewo dzuwa lisanalowe, a Kaitano atakwawira pakhomo n'kukhala chotsamira felemu, Jestina akudontheza madzi ndi sirinji monga amamuuzira. Dontho lomaliza linangotsikira m'mbali mwa kamwa.

"Wafulumira, mnzanga," anatero a Kaitano. Sanalankhulenso.

Trymore anafika m'mawa, n'kukumba pansi pa mtengo wa mapeyala. Atamva za mneneri anaponya fosholo pansi, kufuna kupita kwa Marjory, koma bambo ake anamuuza kuti amalize dzenje kaye. Trymore atafuna kumukulunga galuyo m'chitenje chija, Jestina anakana. Anabweretsa thumba la ufa. Chitenjecho anachichapa kawiri ndi madzi otentha. Nsalu yake kulowa m'nthaka pamodzi ndi galu, zimenezo ayi. Mtima wake sunafike pamenepo.

Lolemba Trymore anabwerera ku Jumbo. Kumsika Jestina anapeza Marjory atasamutsira tomato wake patebulo lina. Makasitomala awiri a m'komboni anadutsa matemba ake osaima. Pobwerera anapeza mwala umodzi pabwalo, pansi pa denga, ndipo sanadziwe ngati unalipo kale.

Amawerengabe masiku. M'mawa uliwonse amadziyang'ana asanadzuke. Sabata inatha, palibe chinachitika. Galu anafa, mwana analipo. Marjory akanati ndi mafuta a pageti. Jestina sanadziwe choti akhulupirire, koma ndowa anayamba kutunga theka.

Chimene sanachiyembekeze chinali chete. Pansi pa zenera panatsala chizindikiro cha makatoni pafumbi. A Kaitano amakhala pampando wawo, akuyang'ana kumulu wa dothi, milomo ili yotseka. Iye amaika chakudya n'kuchoka. Nkhuku za kwa a Muriel zimabwera, koma sizimaponyeredwanso kanthu. Kangapo Jestina anaima pakhomo la khitchini ali ndi mawu pakamwa, ofunsa za mankhwala, za chifuwa chimene chimamveka chikukula, koma panalibe womutuma.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chinayi, akuyanika zovala, anamva kukhosomola kokonza pakhosi kumbuyo kwake.

"Iwe mlendo uli m'njirawe."

Manja a Jestina anaima pachingwe. Nkhalambayo imaitana mwana wake, mwana wopanda dzina, wosaoneka. Mawu onse a Marjory anabwerera nthawi imodzi. Anacheuka pang'ono, kuyang'ana ndi ngodya ya diso. A Kaitano anali pampando, nkhope kumulu wa dothi, manja opanda kanthu ali pamaondo. Anali ataonda kuposa sabata yatha.

"Uwauze amayi ako," anapitiriza, "kuti mchere watha. Ndiponso mapilisi atsala a masiku awiri."

Jestina anaima choncho, malaya onyowa a Trymore akumudonthera paphazi. Kutsidya la mpanda katani ya kwa a Muriel inagwedezeka.

Anaika dzanja pamimba.

"Uwauze agogo ako," anatero, "kuti ndamva."